Mukasankha mfuti imodzi yopulumukira m'tchire, yambani mwayeza zipolopolo

A Mkonzi,

Tiloleni tiikepo mlomo pa mkangano umene sukutha pakati pa anthu okonda nkhani za ulenje ndi maulendo a m'tchire. Funso lake ndi ili: munthu wasochera, kapena kandege kagwa kutali ndi midzi, ndipo mfuti yomwe angakhale nayo ndi imodzi yokha. Ikhale iti? Ambiri amathamangira kutchula mfuti yaukali kwambiri imene anaimvapo dzina. Ife sitikugwirizana nawo. Funsoli linawazunguza kale mitu anthu amene ntchito yawo inali kulongedza katundu wa oyendetsa ndege odutsa pamwamba pa Alaska, kumpoto kwa Canada ndi ku Siberia, ndipo zimene iwo anasankha zikuonetsa kuti mphamvu ya mfuti imabwera pambuyo. Choyamba ndi kulemera kwa zipolopolo. Chachiwiri ndi kuchepa kwa tizitsulo timene tingathyoke kapena kukakamira.

Taonani zimene asilikali a ndege a ku America anachita m'zaka za m'ma 1950. Mfuti yawo yotchedwa M6 inali ya mipope iwiri yosanjikizana, wapamwamba wa chipolopolo chaching'ono cha .22 Hornet, wapansi wa shotigani (mfuti yoponya timipira ta mtovu) ya .410. Inkalemera pafupifupi makilogalamu awiri, inkapindika pakati, ndipo m'chigwiriro chake munkasungidwa zipolopolo 9 za .22 Hornet ndi 4 za .410. Malo okhethemulira sanali kachitsulo ka chala chimodzi ayi, koma kampiringidzo kofinya ndi dzanja lonse, kuti munthu wovala magolovesi okhuthala chifukwa cha chisanu athe kuwombera osavula. Ajeremani nawo, pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, anapatsa ena mwa oyendetsa ndege zawo kumpoto kwa Africa mfuti ya M30 Drilling yopangidwa ndi kampani ya Sauer: mipope iwiri ya shotigani ya 12 gauge (muyeso wa kukula kwa mpope; nambala ikakwera mpope umachepa) ndi umodzi wa chipolopolo chachikulu cha 9.3x74R. Ku Soviet Union, Alexei Leonov ndi Pavel Belyayev atabwera kuchokera mumlengalenga mu Malichi 1965, chombo chawo cha Voskhod 2 chinatera m'nkhalango yowirira m'chigawo cha Perm, ndipo anagonamo masiku awiri ali ndi kamfuti ka m'manja basi. Zotsatira zake inali mfuti ya TP-82, imene inayamba kunyamulidwa m'zombo mu 1986: mipope iwiri ya shotigani, umodzi wa 5.45x39, ndipo chigwiriro chake chinali chikwanje.

Maiko atatu osagwirizana pa chilichonse, koma onse anafika pamodzimodzi. Mfuti yopinda, yolowetsa chipolopolo ndi zala, yopanda magazini (kabokosi kosungira zipolopolo), yokhoza kuponya timipira tambiri ta mtovu pa mbalame komanso chipolopolo chimodzi pa nyama. Pa mfuti zitatuzi palibe ndi imodzi yomwe yokhuthula zipolopolo motsatizana.

Tsopano masamu ake. Chipolopolo chimodzi cha .22 LR, kaja kakang'ono kowombera akalulu, chimalemera magalamu atatu ndi pang'ono, kotero pa kilogalamu imodzi mumanyamula pafupifupi 300. Cha .308, chophera nyama zikuluzikulu, chimalemera magalamu 24 kapena kuposerapo, ndiye kuti pa kilogalamu mupezapo pafupifupi 40. Cha shotigani ya 12 gauge chimaposa magalamu 40, ndipo kabokosi ka zipolopolo 25 kamapitirira kilogalamu imodzi. Mphamvu zake zimayenda mosemphana: .22 LR imatuluka ndi ma joule (muyeso wa mphamvu) pafupifupi 200, .22 Hornet pafupifupi 1,000, pamene .308 ndi chipolopolo chamtovu umodzi cha 12 gauge, chija amati slug, zimafika kapena kupitirira 3,000.

Munthu akangoona nambala izi amati basi, .22 yapambana. Ndipo ali ndi mfundo. Wosochera sadya njati. Amadya tinyama ta kilogalamu imodzi kapena ziwiri: akalulu, agologolo, abakha a m'madzi, mbalame zonga nkhwali. Nyama yaikulu mukaipha muli nokha, opanda mchere, opanda poumitsira, yambiri imaola ndipo fungo lake limakuitanirani zilombo. Kalulu mukamuwombera ndi .308 mumatola ubweya. Mfuti ya .22 simenya phewa, phokoso lake n'lochepa, ndipo yolunjikitsidwa bwino pa mamita 50 imamenya mutu wa kalulu. Pa mamita 100 chipolopolo chimakhala chatsika ndi masentimita 15 kapena kuposerapo, choncho kupitirira mamita 70 n'kungotaya.

Koma .22 ili ndi matenda ake amene ogulitsa satchula. Mankhwala oyatsa wonga samakhala pakati koma amapakidwa m'mphepete mwa chigoba, ndipo nthawi zina pamakhala malo amene sanafikepo. Kamsomali kakagogoda pamalo otero, zii. Chochita chake ndi kudikira, kutulutsa chipolopolocho, kuchitembenuza pang'ono kuti kamsomali kagogode pena. Mutu wa chipolopolocho umapakidwa phula ndipo sumatseka chigoba kwambiri. Zipolopolozi mukaziyendetsa m'thumba la buluku zimatola mchenga, zikanyowa chinyezi chimalowa mu wonga. Mfuti yotchuka ya AR-7, imene Eugene Stoner anaipanga kumapeto kwa zaka za m'ma 1950, imamasulika n'kulowa yonse m'chigwiriro chake ndipo imayandama pamadzi kwa kanthawi. Nzeru yabwino ndithu. Vuto ndi loti imadzilowetsa yokha chipolopolo pogwiritsa ntchito mphamvu ya chimene chawomberedwa, ndiye chikakhala chofooka, kapena milomo ya magazini ikapindika pang'ono, imatsamwa. Ngati mtima wanu uli pa .22, tengani yokoka bolt (kachitsulo kolowetsa chipolopolo) ndi dzanja. Ndipo dziwani kuti pamaso pa chimbalangondo cholusa, .22 ndi phokoso chabe.

Ndicho chifukwa chake ife timati ngati mfuti ndi imodzi, ikhale shotigani ya 12 gauge, yopinda, ya mpope umodzi kapena iwiri. Yampope umodzi imalemera makilogalamu 2.5 mpaka 3, imagawika pawiri kapena patatu popanda sipanala, ndipo mkati mwake muli tizitsulo towerengeka: kamsomali kogogoda, nyundo yake, masipuling'i ochepa ndi kachitsulo kotulutsa chigoba. Mukaipinda mumaona ndi maso kuti mulibe chipolopolo, mumasuzumiranso mumpope kuchokera kumbuyo n'kuona kuwala mbali inayo. Munthu wotopa, wanjala, amene manja akunjenjemera, amafuna mfuti yotere. Ubwino wake waukulu ndi woti ntchito ya mfutiyo imasintha mukangosintha chipolopolo.

Zipolopolo zake zinyamulidwe motere. Zipolopolo makumi awiri za timipira ting'onoting'ono ta nambala 6, ta magalamu 30 kapena 32 m'chigoba chimodzi, timene timakhalamo toposa 200. Izi ndi za chakudya, ndipo zimagwira bwino mpaka mamita 30 kapena 35. Zisanu za slug, makamaka zamtovu wolimba zamtundu wa Brenneke, zimene zimalowa mkati osaphwanyika msanga. Ndi kachitsulo kolunjikira ka kunsonga kokha, musazikhulupirire kupitirira mamita 50. Zisanu za timipira tikulutikulu ta SG, timene Amereka amati 00, ta mamilimita 8.4, tokhala 8 kapena 9 m'chigoba. Izi ndi za nyama zapakati pa mtunda wosapitirira mamita 25. Zonse pamodzi 30, kulemera kwake pafupifupi kilogalamu imodzi ndi theka. N'zochepa poyerekeza ndi 300 za .22, inde, koma mbalame yowuluka kapena kalulu wothamanga mumamupeza ndi kuwombera kumodzi, pamene wa .22 amadikira kuti nyama iime. Ndipo anthu ochuluka osochera amapezeka m'masiku ochepa, osati miyezi.

Bwanji osati .410 ngati ya M6 ija? Chigoba chake chimanyamula magalamu 14 mpaka 19 okha a mtovu, ndiye timipira timabalalika mosiya mipata, mbalame n'kudutsa pakati. Ndi mfuti ya katswiri, ngakhale anthu amaipatsa ana. Ya 20 gauge ndiyo ili pakati, ndipo kwa munthu wochepa thupi ndi yabwino kuposa 12, chifukwa shotigani yopepuka ya 12 gauge ikaponya slug imamenya phewa mwankhanza. Munthu akamenyedwa kawiri katatu amayamba kutsinzina ndi kugwedeza mpope asanakhethemule, ndipo akatero waphonya.

Pogula, yang'anani zinthu ziwiri zolembedwa pampope. Choyamba ndi kutalika kwa malo olowa chipolopolo: mamilimita 65, 70 kapena 76. Apa ndi pamene anthu amavulalira. Kutalika kwa chipolopolo cha shotigani kumayezedwa chitawomberedwa kale, kukamwa kwake kutatseguka. Ndiye cha 76 chosawombera chimalowa bwinobwino m'mfuti ya 70, n'kutsekeka. Powombera, kukamwa kwa chigoba kumasowa potsegukira, mphamvu imapanikizika, ndipo mfuti yakale itha kung'ambika. Chachifupi m'mfuti yaitali palibe vuto; chachitali m'mfuti yaifupi n'choletsedwa. Chachiwiri ndi choke, ndiko kuchepa kwa mpope kunsonga kumene kumasonkhanitsa timipira. Ya full imapanikiza kwambiri, yabwino pa abakha akutali koma siigwirizana ndi slug. Yopanda choke imamwaza msanga. Yapakatikati, ya half kapena modified, ndiyo imalola zonse zitatu taziwerenga zija.

Musasakanize zipolopolo za 20 ndi za 12 m'thumba limodzi, ngakhale tsiku limodzi. Cha 20 chikaponyedwa m'mfuti ya 12 chimatsetsereka n'kukakamira patsogolo pang'ono, osaoneka. Mwini wake amaganiza kuti anaiwala kuika, n'kuika cha 12 pambuyo pake. Mpope umaphulikira pomwe pali dzanja lamanzere.

Mfuti yatsopano isapite kuulendo isanayesedwe papepala. Khomani pepala la mita imodzi mbali zonse pamalo pamene kumbuyo kuli chulu kapena khoma ladothi, bwererani mamita 30, lunjikani pakati, womberani nambala 6. Jambulani bwalo la masentimita 75 pamene timabowo tachuluka. Mudzaona ngati mfuti yanu imaponya m'mwamba, m'munsi kapena kumbali, ndi ngati muli mipata yoti nkhwali n'kudutsamo. Chitani chimodzimodzi ndi slug pa mamita 25 ndi 50, chifukwa kawirikawiri sizimenya pomwe timipira timamenya. Zimenezi sizidziwika poyang'ana mfuti m'sitolo.

Pali malo amene langizo lathuli siligwira, ndipo tinene poyera. Ku Svalbard, zilumba za Norway, aliyense wotuluka kunja kwa tauni amayenera kukhala ndi zothamangitsira zimbalangondo zoyera, ndipo akuluakulu a kumeneko amatchula mfuti ya .308 kapena .30-06 ngati yochepetsetsa. Asilikali a Denmark a gulu la Sirius, oyenda ndi agalu kumpoto chakum'mawa kwa Greenland, amanyamula M1917 ya .30-06, mfuti ya nthawi ya nkhondo yoyamba ya dziko lonse. A Canadian Rangers, asilikali olondera kumpoto kwa Canada, anagwiritsa ntchito Lee-Enfield ya .303 kuyambira 1947, yomwe ija asilikali athu a KAR (King's African Rifles) ankanyamula, mpaka pamene inayamba kulowedwa m'malo ndi C19 ya .308 cha mu 2018. Kumeneko mtunda ndi wapululu, nyama monga caribou (yonga gwape wamkulu) zimaima patali, ndipo chilombo chimasaka munthu. Koma onaninso: zonsezi ndi zokoka ndi dzanja. Ngakhale amene akufuna mphamvu sanasiye mfundo ya tizitsulo tochepa.

Ku tchire la kuno ku Africa nkhani ya zilombo ndi inanso. Njovu, njati ndi mvuu siziimitsidwa ndi slug ya shotigani modalirika. N'chifukwa chake maiko angapo salola kuzisaka ndi mfuti yochepera .375 kapena mamilimita 9.3. Ng'ona nayo simuiona ikamabwera, ndiye mfuti ilibe gawo. Chitetezo pa nyama izi ndi kuyenda moyang'ana mphepo, kusadutsa pakati pa mvuu ndi madzi, kusatunga madzi pamalo amodzimodzi tsiku ndi tsiku. Ngakhale ku Alaska, kafukufuku amene Tom Smith, Stephen Herrero ndi anzawo anafalitsa mu 2008 anapeza kuti utsi wa tsabola wopopera zimbalangondo unaziletsa pa 92 mwa zochitika 100 zilizonse zokhudza zimbalangondo zofiirira. Mfuti ya m'manja tisataye nayo nthawi: kumenya nayo kalulu pa mamita 25 ndi luso la anthu ochepa kwambiri.

Zambiri zimene zimalakwika m'tchire si vuto la mtundu wa mfuti koma la kasamalidwe. Mpope wotsekeka ndiwo mdani wamkulu. Munthu wapunthwa, nsonga yalowa m'matope kapena m'chipale, iye n'kungopukuta kunja. Kadothi kokwana chala n'kokwanira kutupitsa kapena kung'amba mpope. M'maiko otentha mavu oumba zisa zadothi amamanga mumpope wa mfuti yoimikidwa pakona masiku ochepa okha. Matani kathepi kamodzi ka magetsi kunsonga. Mpweya wotsogolera chipolopolo umakachotsa wokha ndipo sikasokoneza kulunjika. Mukagwa, pindani mfuti, chotsani chipolopolo, suzumirani.

Mukakhethemula n'kungomva kuti tche, osalira, musapinde mfuti pomwepo. Wonga wonyowa umatha kuchedwa kuyaka. Lozetsanibe kumalo opanda munthu kwa masekondi 30, kenako tulutsani chipolopolocho nkhope ili kumbali. Mukamva kulira kofooka kosiyana ndi masiku onse, imani. Kawirikawiri ndiye kuti chipolopolo kapena kapulasitiki kosunga timipira katsalira mumpope, ndipo chachiwiri chikabwera pamwamba pake ndi ngozi. Chikankheni ndi ndodo yotsukira kuchokera kunsonga mfuti ili yopinda.

Kumalo ozizira kwambiri mafuta a mfuti amaundana, kamsomali kamayenda mwaulesi n'kugogoda mofooka. Odziwa amachotsa mafuta onse mkati asananyamuke n'kusiya zitsulo zouma. Salowanso nayo mfuti m'tenti yofunda, chifukwa chitsulo chozizira chimachita thukuta, ndipo akatuluka thukutalo limauma kukhala ayezi mkati. Kumalo otentha a chinyezi vuto ndi dzimbiri, makamaka mumalo olowa chipolopolo. Mukachita dzimbiri chigoba chimakakamira ndipo kachitsulo kotulutsa kamadumpha. Chikwama chansalu chonyowa chimadyetsa mfuti dzimbiri usiku umodzi. Zotsukira zokwanira paulendo ndi zochepa: chingwe chokhala ndi kolemera kunsonga chokokera kansalu mumpope, tinsalu, kabotolo ka mafuta ka mamililita 30, ndi kamsomali kogogoda kapadera ngati mfuti yanu imalola kusintha mosavuta. Zipolopolo zikhale zazigoba zapulasitiki, osati zapepala zimene zimafufuma zikanyowa, ndipo zigawidwe m'timatumba tiwiri totseka bwino, kuti kamodzi kakagwera mumtsinje kena katsale.

Tisabise, mfuti si imene imapulumutsa anthu ambiri osochera. Lamulo la Alaska lonena za katundu woyenera kukhala m'ndege zazing'ono linkatchula mfuti mpaka 2001 pamene inachotsedwamo. Chakudya cha sabata imodzi, nkhwangwa, mpeni, mbedza, zoyatsira moto, zoitanira thandizo ndi neti yotchinga udzudzu kumutu zinatsala. Munthu amafa ndi kuzizira m'maola, ndi ludzu m'masiku, koma ndi njala m'masabata. Ndipo nyama ya kalulu payokha sisunga munthu, popeza ilibe mafuta. Anthu a kumpoto kwa Canada amadziwa matenda a kutsegula m'mimba ndi kufooka obwera chifukwa chodya akalulu okhaokha. Choncho zipolopolo za nambala 6 zipite pa abakha ndi atsekwe onona ngati alipo, nsomba zigwidwe ndi mbedza. Sungani zitatu zoitanira anthu: kuwombera katatu motalikirana mofanana ndi chizindikiro chodziwika chopempha thandizo, ndipo chichitike pamene mwamva kapena mwaona kuti okufunani ali pafupi, osati tsiku loyamba chifukwa cha mantha.

Kwa owerenga a kuno ku Malawi pali mawu awiri owonjezera. Mfuti zosula pamudzi, zija za gogodera, zisalowe n'komwe m'nkhani ino. Mpope wake ndi paipi imene sinapangidwire mphamvu ya wonga, sinayesedwe, ndipo wonga umayezedwa ndi maso. Yalira bwino kakhumi sizitanthauza kuti kakhumi n'kamodzi siphulikira kumaso. Kukhala nayo ndi mlandu. Mfuti iliyonse, ngakhale shotigani ya mpope umodzi, imafuna chiphaso chochokera kupolisi malinga ndi lamulo la mfuti, zipolopolo nazonso chimodzimodzi, ndipo chiphaso cha mfuti si chilolezo chosaka. Kulowa ndi mfuti ku Liwonde, Kasungu, Nyika, Nkhotakota kapena Majete popanda chilolezo ndi kuswa lamulo la nyama zakutchire, limene litakhwimitsidwa mu 2017 linafikitsa chilango cha milandu yokhudza nyama zotetezedwa kwambiri pa zaka 30 m'ndende. Amene wapha nyama yotetezedwa podziteteza asabise kapena kugawana nyamayo. Akanene msanga kwa a nthambi ya nyama zakutchire kapena kupolisi yapafupi. Wopita kunja ndi mfuti afunse malamulo a dziko lililonse lomwe adutsemo asanagule tikiti, chifukwa chiphaso cha kuno chimathera pachipata cha dziko lino.

Ife anu,
Owerenga odziwa za mfuti ndi maulendo a m'tchire